"Bling Bling": momwe nyimbo imodzi ya ku New Orleans inaperekera liwu latsopano ku dziko lonse

M'chaka cha 1999, anyamata angapo a mumzinda wa New Orleans, kumwera kwa dziko la America, anatulutsa nyimbo ya chamba cha hip-hop yotchedwa "Bling Bling". Inali nyimbo yodzichemerera basi. Oimbawo ankatchula mphete, mawotchi, mikanda ndi magalimoto amene anagula atangoyamba kupeza ndalama. Nyimboyi sinafike n'komwe pa nambala 1 pamndandanda wa nyimbo zotchuka m'dzikolo. Komabe pasanathe zaka zisanu, liwu limene linali mutu wa nyimboyo linali litalowa m'madikishonale a Oxford, ndipo kuchokera nthawi imeneyo lakhala likupezeka m'nyuzipepala za ku France, m'mafilimu a ku Nigeria ngakhalenso m'nyimbo za ku Japan.

Mbiri ya liwuli ikuthandiza kuyankha mafunso amene makolo, aphunzitsi ndi akonzi a nkhani amafunsa akamva achinyamata akucheza. Kodi mawu amenewa amachokera kuti? N'chifukwa chiyani ena amafala pamene ena amafera pomwe anabadwira? Nanga amapindula nawo ndani? Kwa anthu a m'chigawo chino cha Africa palinso funso lina, pakuti miyala ndi zitsulo zambiri zimene nyimbo zotere zimatamanda zimakumbidwa kuno.

Kumene nyimboyi inachokera

Nyimbo za hip-hop zinayambira kudera la Bronx mumzinda wa New York kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo kwa zaka pafupifupi 20 oimba a ku New York ndi ku Los Angeles ndiwo ankalamulira msika. Oimba a kumwera ankaonedwa ngati achimidzimidzi, ndipo kalankhulidwe kawo kankasekedwa. Zinthu zinasintha chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pamene makampani ang'onoang'ono a ku Houston, Memphis ndi New Orleans anayamba kugulitsa zimbale zochuluka m'madera awo popanda thandizo la makampani akuluakulu.

Imodzi mwa makampani oterewa inali Cash Money Records, imene abale awiri, Bryan ndi Ronald Williams, anaikhazikitsa mu 1991. Pa nthawiyo moyo unali wowawa m'madera a anthu akuda a ku New Orleans. M'chaka cha 1994 chokha anthu oposa 400 anaphedwa mumzindawu, umene anthu ake sankakwana theka la miliyoni. Oimba ambiri a kampaniyi anakulira m'nyumba zimene boma linamangira anthu osauka, monga za ku Magnolia, kapena m'makwalala oyandikana nazo. Mu 1998 kampani yaikulu ya Universal inasainirana ndi Cash Money mgwirizano wofalitsa nyimbo zake, umene malipoti a nthawi imeneyo ankati unali wa madola 30 miliyoni. Anyamata amene dzulo lake ankasowa ndalama ya basi anadzuka ali ndi makhumutcha pakati pawo.

Nyimbo ya "Bling Bling" inatuluka m'chimbale cha Chopper City in the Ghetto mu April 1999. Mwini chimbalecho anali B.G., dzina lake lenileni Christopher Dorsey, yemwe anali ndi zaka 18. Anaimba limodzi ndi anzake a m'magulu a Hot Boys ndi Big Tymers. Amene anakonza zing'wenyeng'wenye anali Mannie Fresh, ndipo kolasi, momwe liwuli limabwerezedwabwerezedwa, anaimba ndi Lil Wayne, mnyamata wa zaka 16. Nyimboyi inakafika pa nambala 36 pamndandanda wa Billboard Hot 100, ndipo chimbalecho chinagulidwa makope oposa miliyoni imodzi.

Kuvala zonyezimira sikunayambe ndi anyamatawa. M'zaka za m'ma 1980 oimba ngati Run-DMC ndi Slick Rick ankadziwika ndi matcheni akuluakulu a golide. Olemba mbiri ya hip-hop amafotokoza kuti kwa mnyamata wakuda wochokera kudera losauka, amene banki sinkamukhulupirira ndipo apolisi ankamukayikira, tcheni cha pakhosi chinali umboni wooneka ndi maso wakuti wapulumuka ku umphawi. Chimene chinalibe dzina lalifupi ndi khalidwe lonselo. Nyimbo ya B.G. ndiyo inafalitsa dzinalo.

Liwu lojambula kuwala

Dayamondi salira. Ngakhale dzuwa limuwombe bwanji, khutu silimva kanthu. Koma m'makatuni ndi m'mauthenga otsatsa mankhwala otsukira mano pa wailesi ya kanema, dzino kapena mwala ukanyezimira amaika kaphokoso konga ka belu laling'ono. Liwu lakuti "bling" limatsanzira kaphokoso kongoyerekezera kameneko. Ndi liwu limene limachititsa khutu kumva chinthu chimene diso lokha ndilo limaona.

Kwa olankhula Chingerezi zimenezi zinali zachilendo. Kwa olankhula Chichewa, Chishona, Chibemba kapena Chizulu ndi zinthu za tsiku ndi tsiku. Aliyense amene anaphunzira malamulo a Chichewa kusukulu amadziwa mtundu wa mawu wotchedwa mvekero. Timati mwezi uli mbee, magazi ali psuu, kunja kuli bii. Timati nyenyezi zili thwanithwani, nkhope yodzola mafuta ili phuliphuli, mphete yatsopano ili nyezinyezi. Palibe chimodzi mwa zinthu zimenezi chimene chimatulutsa phokoso, koma mawuwo amajambula chithunzi m'maganizo mwa womvera. Katswiri wa zilankhulo Clement Doke, amene anagwirapo ntchito pakati pa Alamba m'dziko limene lero ndi Zambia asanakaphunzitse pa yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg, ndiye anafotokoza bwino mtundu wa mawuwu m'buku lake la mu 1935, ndipo kafotokozedwe kake kakugwiritsidwabe ntchito.

Chingerezi chili ndi mawu ochepa otere, ndipo ambiri mwa iwo amatsanzira phokoso lenileni, monga kulira kwa belu kapena kuphulika kwa mfuti. Chilankhulochi chinali ndi liwu lotchulira zodzikongoletsera, chinalinso ndi mawu ataliatali onena za kudzionetsera, koma chinalibe liwu limodzi lalifupi lophatikiza chinthucho, kuwala kwake ndi matama a wochivala. Apa ndi pamene panali mpata. Kamvekedwe ka liwu latsopanoli kanathandizanso. Limayamba ngati mawu a Chingerezi onena za kuphethira ndi kuyaka, "blink" ndi "blaze", ndipo limatha ngati mawu onena za kulira kwa chitsulo, "ring" ndi "ding". Munthu wolimva koyamba sankafunika womasulira.

Kubwereza liwuli kawiri kumagwira ntchito yofanana ndi ya m'zilankhulo zathu. Tikati "ng'ani" tikunena za kuwala kwa kamodzi, koma tikati "ng'aning'ani" ndiye kuti kuwalako kukuchitika mobwerezabwereza. Momwe liwuli linakulira mukufanananso ndi zimene zimachitika m'Chichewa, momwe mvekero umabala mneni: nyezi anabala kunyezimira, thwani anabala kuthwanima, ng'ani anabala kung'anima. M'Chingerezi "bling" anayamba ngati mvekero, kenako anakhala dzina la zodzikongoletserazo, kenakonso mfotokozi wa munthu kapena chinthu chodzionetsera, mpaka anasanduka mneni wonena za kukongoletsa foni kapena galimoto ndi tinthu tonyezimira.

Lil Wayne anali atalitchulapo kale liwuli m'nyimbo ina ya Big Tymers yotchedwa "Millionaire Dream", ndipo mu 2006, m'nyimbo imene anaimba ndi gulu la OutKast, ananena kuti iye ndiye analipeka. Akatswiri a zilankhulo amachenjeza kuti mawu a m'khwalala kawirikawiri amayenda pakamwa kwa nthawi ndithu asanajambulidwe kapena kulembedwa, choncho amene watchuka nalo liwu sakhala nthawi zonse woyamba kulinena. Ntchito yaikulu ya nyimbo ndi kunyamula. Kolasi imabwereza liwu kambirimbiri m'mphindi zochepa, wailesi imabwereza nyimboyo kangapo pa tsiku, ndipo kanema wake amaonetsa tanthauzo. Palibe mphunzitsi wa chilankhulo amene ali ndi zipangizo zamphamvu chotere.

Kuchoka m'khwalala kulowa m'dikishonale

Mu 1999 kunalibe Facebook, imene inayamba mu 2004, ngakhale YouTube, imene inayamba mu 2005. Liwuli linayenda pa wailesi, pamatepi ndi pazimbale, komanso pamawailesi a kanema oonetsa nyimbo monga MTV ndi BET ku America. Kuno ku Africa makanema a hip-hop ankafika kudzera pa Channel O, imene inayamba mu 1997, ndipo kenako pa MTV Base Africa kuyambira mu 2005.

Oyamba kulitola kunja kwa oimba anali ochita masewero. Timu ya basketball ya Los Angeles Lakers itapambana chikho cha NBA mu 2000, mphete zimene osewera ake analandira zinalembedwa mawu akuti "bling bling". Kuchoka pamenepo atolankhani a zamasewero, olemba za mafashoni ndi otsatsa malonda anayamba kuligwiritsa ntchito, poyamba moseka, kenako ngati liwu wamba.

Anthu ambiri amaganiza kuti dikishonale imasankha mawu abwino n'kusiya oipa. Akonzi a madikishonale akuluakulu a Chingerezi satero. Iwo amasonkhanitsa umboni wosonyeza kuti liwu likugwiritsidwa ntchito ndi anthu ambiri, m'zolembedwa zosiyanasiyana, kwa zaka zingapo, ndiponso popanda wolemba kulimasulira. Liwu likakwaniritsa zimenezi limalowa, kaya linachokera kuyunivesite kaya kundende. "Bling" anakwaniritsa mofulumira kwambiri. Madikishonale a Oxford anamulandira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo dikishonale ya ku America ya Merriam-Webster inamulowetsa mu 2006, chaka chimene inalowetsanso mneni wakuti "google".

Panali odandaula amene ankati Chingerezi chikuonongeka. Koma aka sikanali koyamba kuti kalankhulidwe ka anthu akuda a ku America kalemeretse chilankhulochi kudzera m'nyimbo. Tanthauzo la liwu lakuti "cool" ponena za munthu wodekha ndi wosiririka linafala kuchokera kwa oimba jazz m'zaka za m'ma 1940, ndipo lero palibe amene amaliona ngati lachilendo.

Imfa ya liwu pakamwa pa eni ake

Kalankhulidwe ka achinyamata kali ndi ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kutchula zinthu, ndipo yachiwiri ndi kusonyeza amene ali m'gulu ndi amene ali kunja. Liwu likafika pakamwa pa makolo, abusa ndi andale, ntchito yachiwiriyi imatha, ndipo eni ake amalitaya. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Kutchuka kumene kunakweza "bling" ndi komwenso kunamupha pakati pa achinyamata.

Mu 2004 MTV inaonetsa katuni yoseka zimenezi. Liwuli linkachoka pakamwa pa woimba n'kumadutsa pa anthu osiyanasiyana, aliyense wotalikirana kwambiri ndi moyo wa m'khwalala kuposa mnzake, mpaka linafika kwa mayi wachizungu wachikulire amene ankauza amayi ake okalamba za ndolo zake. Katuniyo inatha ndi uthenga wolengeza maliro a liwuli. Mu January 2008 Mitt Romney, amene ankafuna kuimira chipani cha Republican pa chisankho cha pulezidenti, analitchula poyamikira mkanda wa khanda pa mwambo wokumbukira Martin Luther King mumzinda wa Jacksonville, ndipo anthu ambiri anamuseka. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 2010 achinyamata anali atapeza liwu lina, "drip", lonena za kutchena, limene linafalanso kudzera m'nyimbo monga "Drip Too Hard" ya Lil Baby ndi Gunna ya mu 2018.

Owerenga a m'chigawo chino akudziwa kayendedwe kameneka. Mizinda yathu ili ndi zilankhulo zake za achinyamata: Tsotsitaal m'makomboni a ku South Africa, Chinyanja cha m'tauni ku Lusaka, Chibrazi ku Malawi, Sheng ku Nairobi. Zonsezi zimasintha mawu ake mofulumira pa chifukwa chomwechi. Liwu lakuti "ayoba", limene achinyamata a ku South Africa ankanena posangalala ndi chinthu, linatengedwa ndi kampani ya mafoni ya MTN potsatsa malonda pa mpikisano wa World Cup wa mu 2010. Linamveka ponseponse, koma silinalinso chinsinsi cha anyamata a m'komboni.

Moyo wachiwiri, tanthauzo lina

Liwu limene achinyamata alitaya silimatheratu nthawi zonse. "Bling" anapitiriza kukhala ndi moyo pakamwa pa akuluakulu, koma tanthauzo lake linatembenuka. Pakamwa pa mnyamata wa ku Magnolia linali liwu la chigonjetso. M'zolemba za atolankhani linasanduka liwu lonyoza munthu amene wangolemera kumene ndipo akufuna kuti aliyense adziwe.

Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi cha ku France. Nicolas Sarkozy atapambana chisankho mu May 2007, anakachita chikondwerero ku lesitilanti yodula ya Fouquet's ku Paris, kenako anakapuma pa boti la mpondamatiki Vincent Bolloré kufupi ndi Malta. Chifukwa cha zimenezi komanso mawotchi ake odula, nyuzipepala zinamupatsa dzina lakuti pulezidenti "bling-bling", ndipo dzinali linamukanirira mpaka anachoka pampando mu 2012. Liwu la anyamata osauka a ku Louisiana linakhala chida cha ndale za ku Ulaya.

M'mayiko olankhula Chisipanishi oimba reggaeton analisintha kukhala "blinblin". Mu 2013 kunatuluka filimu ya Sofia Coppola yotchedwa The Bling Ring, yonena za achinyamata amene ankathyola nyumba za anthu otchuka ku Los Angeles. Ku Nigeria filimu ya The Bling Lagosians ya mu 2019 inkanena za banja lolemera la ku Lagos limene chuma chake chinali kutha koma silinkafuna kuti anthu adziwe. Mu 2022 Netflix inayamba kuonetsa pulogalamu ya Dubai Bling. Woimba wa ku Canada Drake analipatsa ntchito ina mu 2015 m'nyimbo ya "Hotline Bling", momwe limanena za kulira ndi kuwala kwa foni.

Kutembenuka kwa tanthauzo kotereku sikwachilendo. Chichewa cha m'tauni chinabwereka mneni wa Chingerezi wonena za kuwala n'kupanga liwu lakuti kushaina, limene silinena za nyali kapena dzuwa koma za munthu wodzionetsera. Zilankhulo zotalikirana zinapeza paokha kuti kuwala ndi matama zimayendera limodzi.

Mwini liwu ndani?

Liwuli litalowa m'dikishonale, B.G. anauza atolankhani kuti ankanong'oneza bondo kuti sanalilembetse ngati chizindikiro chake cha malonda. Dandaulo lake n'lomveka, koma malamulo sakanamuthandiza kwenikweni. Lamulo loteteza eni luso limateteza nyimbo yonse, osati liwu limodzi la m'nyimboyo. Lamulo la zizindikiro za malonda limateteza dzina pa katundu wina wake, monga zovala kapena mafuta onunkhira, koma silingaletse anthu kulankhula kapena nyuzipepala kulemba. Liwu likangolowa m'chilankhulo limakhala la aliyense. Ogulitsa ndolo, zidole ndi zikwama padziko lonse anapindula nalo popanda kulipira kalikonse.

Ngakhale ndalama za nyimbo zenizenizo zinabweretsa mikangano. B.G. ndi Juvenile anachoka ku Cash Money kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 akudandaula za malipiro. Mu 2015 Lil Wayne anasumira kampaniyi kukhoti kufuna madola 51 miliyoni, ndipo nkhaniyo inatha ndi mgwirizano mu 2018. B.G. analamulidwa mu 2012 kukhala kundende zaka 14 pa milandu yokhudza mfuti ndi kusokoneza mboni, ndipo anatuluka mu September 2023. Nyumba za ku Magnolia, zimene nyimbo za Cash Money zinatchukitsa, zinagwetsedwa pambuyo pa mphepo yamkuntho ya Katrina imene inamiza mbali yaikulu ya New Orleans mu August 2005.

Nkhani yofanana inabwerezeka ndi mawu ena. Nyimbo ya Eminem ya mu 2000 yotchedwa "Stan", yonena za munthu wokonda woimba mpaka kuzungulira mutu, inabala liwu lakuti "stan", limene pambuyo pake linalowa mu Oxford English Dictionary. Nyimbo ya Drake ndi Lil Wayne ya mu 2011, "The Motto", inafalitsa chidule chakuti YOLO, chokumbutsa kuti munthu amakhala ndi moyo kamodzi kokha. Chidulechi chinalowa m'dikishonale yomweyo mu 2016. Drake ataona masitolo akuluakulu akugulitsa zovala zolembedwa chidulechi mu 2012, ananena poyera kuti ayenera kumulipira, dandaulo lomwe lija la B.G.

Kumene kunyezimirako kumachokera

Mu January 1999, miyezi itatu chimbale cha B.G. chisanatuluke, zigawenga za RUF zinalowa mumzinda wa Freetown ku Sierra Leone, n'kupha anthu zikwizikwi ndi kudula ena manja. Nkhondo ya m'dzikolo, imene inayamba mu 1991 n'kutha mu 2002, inkalipiridwa kwakukulu ndi dayamondi wozembetsedwa. Ku Angola gulu la UNITA linkagulanso zida ndi ndalama za dayamondi, ndipo mu 1998 bungwe la United Nations linaletsa kugula miyala yochokera m'dzikolo yopanda chikalata cha boma. Nyimbo ya "Bling Bling" sinanene kanthu za kumene miyala imachokera, monganso ogula ambiri a nthawi imeneyo sankafunsa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mu May 2000 mayiko okumba dayamondi a kumwera kwa Africa anakumana ku Kimberley ku South Africa, ndipo zokambirana zawo zinabala ndondomeko ya Kimberley Process, imene inayamba kugwira ntchito mu 2003. Cholinga chake ndi kuletsa malonda a miyala yolipirira zigawenga. Otsutsa amati ndondomekoyi simaona nkhanza zochitidwa ndi maboma, ndipo bungwe la Global Witness, limene linathandiza kuiyambitsa, linatulukamo mu 2011 makamaka chifukwa cha nkhani ya migodi ya ku Marange ku Zimbabwe.

Oimba hip-hop nawonso anayamba kufunsa. Mu 2005 Kanye West anatulutsa "Diamonds from Sierra Leone", ndipo m'kujambula kwachiwiri kwa nyimboyi, limodzi ndi Jay-Z, analumikiza mikanda ya oimba ndi ana odulidwa manja. Nyimboyi inalandira mphotho ya Grammy mu 2006. Chaka chotsatira kunatuluka filimu ya zochitika zenizeni ya Raquel Cepeda, Bling: A Planet Rock, momwe oimba Raekwon, Paul Wall ndi Tego Calderón anapita ku Sierra Leone kukaona migodi ndi anthu ovulala pankhondo. Liwu limene linabadwa ngati matama linakhala mutu wa kudzifunsa.

Nkhaniyi ili ndi mbali inanso. Miyala ya kunkhondo inali gawo laling'ono la dayamondi wa padziko lonse. Ku Botswana, migodi ya Orapa ndi Jwaneng, imene boma limayendetsa limodzi ndi kampani ya De Beers, inamanga sukulu, zipatala ndi misewu. Dzikolo linkaopa kuti anthu akaleka kugula dayamondi chifukwa cha mbiri ya nkhondo za kwina, ovutika adzakhala Atswana. Mantha a kudalira mwala umodzi anaoneka mu 2024, pamene chuma cha Botswana chinabwerera m'mbuyo mitengo itatsika, mwa zina chifukwa cha dayamondi wopangidwa m'fakitale.

Chitsulo chimene oimba a Cash Money ankachikonda kuposa golide chinali pulatinamu. Pafupifupi magawo 7 mwa magawo 10 a pulatinamu wa padziko lonse amakumbidwa ku South Africa, ndipo Zimbabwe ili pa nambala 3. Gawo lalikulu la chitsulochi limapita ku mafakitale, makamaka opanga zipangizo zochepetsa utsi wa magalimoto, koma lina limathera m'mphete ndi m'matcheni. Pa 16 August 2012 apolisi anawombera ndi kupha anthu 34 ogwira ntchito pamgodi wa pulatinamu wa Lonmin ku Marikana, amene ankanyanyala ntchito pofuna malipiro a R12,500 pa mwezi. Ndipo m'midzi yambiri ya ku Malawi, Mozambique ndi Lesotho muli mabanja amene agogo awo anapita ku Joni kudzera ku Wenela kukakumba golide, ena n'kubwerako ndi chifuwa, ena osabwerako n'komwe.

Zimene tingaphunzirepo

Mbiri ya "bling" ikusonyeza kuti nyimbo payokha singakakamize liwu kulowa m'chilankhulo. Oimba amapeka mawu mazanamazana chaka chilichonse, ndipo ambiri amaiwalika nyimboyo ikangotsika. Limene limakhalitsa ndi limene latchula chinthu chimene anthu ankachiona kale koma analibe dzina lake, limene n'losavuta kutchula, ndiponso limene lingathe kupindika kuti ligwire ntchito zatsopano.

Ku Kenya zinaonekanso chimodzimodzi mu 2002, pamene oimba Gidi Gidi Maji Maji anatulutsa nyimbo ya "Unbwogable". Iwo anatenga mneni wa Chiluo wotanthauza kuopseza n'kumuveka mphatikira za Chingerezi, kupanga liwu lotanthauza munthu wosaopsezeka. Liwuli linagwirizana ndi mtima wa anthu otopa ndi ulamuliro wa chipani cha KANU, ndipo mgwirizano wa Mwai Kibaki unalitenga pa kampeni imene unapambana mu December chaka chomwecho.

Kwa aphunzitsi ndi makolo amene amaopa kuti mawu a achinyamata aononga chilankhulo, umboni ukusonyeza kuti ambiri mwa mawuwa amatha okha, ndipo ochepa amene amatsala amakhala kuti apeza ntchito. Kwa akonzi a madikishonale a zilankhulo zathu phunziro ndi lina. Akonzi a ku Oxford amatha kulondola mbiri ya liwu chifukwa amasunga nyuzipepala, mabuku ndi mawu a nyimbo, n'kulemba chaka chimene liwu linaonekera. Mawu amene akubadwa m'nyimbo za ku Blantyre, Lusaka, Tete ndi Harare akufunikanso wowalemba pamene akadali pakamwa, pakuti mvekero, umene olankhula Chingerezi anauona ngati chozizwitsa mu 1999, ndi chuma chimene zilankhulo za kuno zili nacho chochuluka.

Mu 2024 nyumba yosungiramo zinthu zachilengedwe ya American Museum of Natural History ku New York inaika pachionetsero matcheni, mphete ndi mano a golide a oimba hip-hop, m'chigawo chomwe imasungiramo miyala ya mtengo wapatali. Zinthu zimene zinkanyozedwa ngati matama a ana a m'khwalala zinaikidwa m'magalasi ngati mbiri ya dziko. Liwu lozitchulira nalonso lili pamalo otetezeka, pakuti Oxford English Dictionary ili ndi mwambo wosachotsa liwu limene yalilowetsa, ngakhale anthu atasiya kulilankhula.